ZA UMOYO WATHU: Munthu Akatupa ndi Kubanika, Choyamba N'chiyani?

 Mwezi uno tidakonza zoti tikambirane za zitsime ndi madzi akumwa, popeza mvula yayandikira, koma nkhaniyo tayamba taiika pambali chifukwa cha chinthu chimene tidachiona ndi maso athu m'chilimwe chomwechi, chimenenso chidatichititsa manyazi.

Tidapita kukatumikira ku nyumba ina ya mapemphero ya kumudzi, cha kumbali ya nyanja ya Chilwa. Mapemphero atatha, anthu ali kupatsana moni pabwalo, njuchi imodzi yochokera mu mtengo wa mango idaluma mnyamata wina wa kwaya pamkono. Iye adangoseka, nachotsa mbola ndi chikhadabo. Sipadapite nthawi adayamba kudzikanda m'manja ndi kumapazi, thupi lonse lidatuluka ziwengo, milomo idatupa, ndipo mawu ake, amene posachedwa pomwepo ankatsogolera nyimbo, adasasa. Aliyense adachita chimene adachidziwa. Mayi wina adatikita masamba nampaka pamene padalumidwapo, wina adathamangira madzi akumwa, ndipo mphunzitsi wina adatulutsa m'thumba piritsi la Piriton. Ife, amene maso a anthu onse anali pa ife kuti tinene chochita, tidamukhazika pa mpando m'kachipinda ka akulu a mpingo, tidatseka chitseko kuti ana asadzaze, ndipo tidayamba kupemphera. Tikaganizira tsopano, pamenepo padatayika mphindi zosachepera 15.

Amene adatidzidzimutsa ndi mayi wina wachikulire, amene pa utsikana wake adagwira ntchito ya uzamba pa chipatala. Adalowa osagogoda, nagwada monga mwa ulemu wake, nati: "Pepani abusa, mwanayu mugonekeni pansi, ndipo pempherolo mukalimalizire pa galimoto." Adamugoneka chagada pa mkeka, nakweza miyendo yake pa benchi, natuma wina kuti aimbire foni namwino wa pa chipatala chapafupi. Mwamwayi m'mudzimo munali galimoto ya munthu wogula mpunga. Mnyamatayo tidamunyamula ali chigonere, ndipo titafika namwino anali atakonza kale jakisoni. Adamubaya pa ntchafu, nadikira mphindi 5, namubayanso kachiwiri. Lero mnyamatayo ali moyo. Sitikulemba izi kuti tidzitame, pakuti pa zonse zimene ife tidachita tsiku limenelo, chothandiza chinali kumvera mayi uja basi.

Kuwengedwa si chinthu chachilendo pakati pathu. Makolo athu ankadziwa kuti pali munthu amene mlamba umamuwenga, wina mazira, wina nyama ya mtundu wakutiwakuti, ndipo kawirikawiri zimathera pa kuyabwa ndi ziwengo zimene zimazilala zokha. Koma pali kuwengedwa kwina koopsa, kumene kumagwira thupi lonse mwadzidzidzi, kutseka njira ya mpweya ndi kufooketsa kuyenda kwa magazi. Anamwino a kuno amakutcha anafilaxia m'Chipwitikizi, ndipo kutsidya kwa malire, ku Malawi, mudzamva akuti anaphylaxis. Dzinali lidabadwa mu 1902. Akatswiri awiri a ku France, Charles Richet ndi Paul Portier, ankabaya agalu ululu pang'ono wa tinyama tina ta m'nyanja ya mchere, poganiza kuti matupi a agaluwo auzolowera monga momwe katemera amachitira. Chimene adaona chinali chosemphana ndi chimene ankayembekeza. Galu amene adapirira bwino jakisoni woyamba, atamubayanso pang'ono pokha patapita milungu ingapo, adagwa nafa lisanathe theka la ola. Richet adalandira mphoto ya Nobel mu 1913 chifukwa cha ntchito imeneyi. Phunziro la agalu aja likutikhudza kwambiri: mawu akuti "uyu njuchi zidamulumapo kale ndipo sizidamuchite kanthu" sapereka chitsimikizo chilichonse. Mnyamata wathu uja adakula akufula uchi ndi anzake.

Zimene zimachitika m'thupi ndi izi. Tonsefe tili ndi asilikali a m'magazi amene amalimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mwa anthu ena asilikaliwa amalakwitsa, nayesa mdani woopsa chinthu chimene kwa ena n'chabwinobwino, monga mtedza, nsomba, mkaka, chitowe, ululu wa njuchi kapena wa mavu, penisilini, Bactrim, ngakhale asipirini. Ulendo woyamba amangochizindikira ndi kuchisunga mu mtima. Akadzakumana nacho ulendo wina, amakhuthulira m'thupi nthawi imodzi mankhwala ambiri, amene wodziwika kwambiri ndi histamini. Pamenepo mitsempha ya magazi imafutukuka niyamba kuchucha, madzi a m'magazi amathawira m'minofu, ndipo kumeneko ndiye kutupa kumene timaona pa milomo ndi pa zikope. Kutupa komweko kukachitika ku mmero, mpweya umasowa podutsa. Timachubu ta m'mapapo timafinyika monga mwa munthu wa mphumu. Ndipo chifukwa magazi amwazikira m'mitsempha yofutukuka, ochepa okha ndiwo amabwerera ku mtima. Mtima uli ngati mjigo: ngakhale mupope mwamphamvu chotani, ngati pansi madzi aphwa, pa mpopi sipatuluka kanthu.

Nanga nthawi imene tili nayo ndi yotalika bwanji? Dokotala wina wa ku Manchester, Richard Pumphrey, adafufuza imfa 164 za mtundu umenewu zimene zidachitika ku Britain pakati pa 1992 ndi 1998, nafalitsa zimene adapeza mu 2000. Mwa anthu amene adafa chifukwa cha chakudya, theka anali atasiya kupuma kapena mtima utaima pomwe zimakwana mphindi 30. Mwa olumidwa ndi njuchi kapena mavu, nthawiyo inali mphindi 15. Mwa amene adawengedwa ndi mankhwala a kuchipatala, mphindi 5 zokha. Adapezanso kuti mwa akufawo, 14 okha pa 100 aliwonse ndiwo adalandira jakisoni woyenera mtima usanaime. Kumeneko n'ku dziko la misewu ya phula ndi maambulansi oitana pa foni. Tsono inu a ku Chiuta, inu a ku Entre Lagos, inu a m'midzi ya m'mphepete mwa madambo kumene mvula ikagwa ngakhale njinga siyenda, werengani nokha mphindi zimene zimakutengerani kufika pa chipatala chapafupi, osanena za ulendo wa ku Cuamba. Mudzaona kuti mphindi 15 zimene ife tidataya m'kachipinda muja zinali nthawi yonse imene anthu ena amakhala nayo.

Tinene chilungamo kuti ambiri ogwidwa ndi vutoli samwalira, ndipo ena amachira ngakhale osalandira chithandizo. Pa chifukwa chimenechi m'mudzi uliwonse mupezeka munthu wochitira umboni kuti m'bale wake adatupa nkhope yonse koma adachira ndi muzu wakutiwakuti. Sitikumutsutsa kuti m'bale wakeyo sadachire. Vuto n'lakuti pa chiyambi palibe munthu, ngakhale dokotala, amene angathe kusiyanitsa amene achire yekha ndi amene amwalire, ndiye chifukwa chake onse amathandizidwa mofanana ndiponso mofulumira.

Tiyenera kudziwa kusiyanitsa kutupa wamba ndi ngozi. Njuchi ikaluma pamkono, mkono nkutupa ndi kuwawa ngakhale masiku awiri, koma munthu akupuma bwino, akuyankhula bwino, imeneyo si ngozi imene tikunena pano. Chotsani mbola msanga mwa njira iliyonse, pakuti ikakhalitsa imapitiriza kuthira ululu, ndipo ikanipo nsalu ya madzi ozizira. Ngozi ndi pamene, pasanapite nthawi munthu atalumidwa, atadya kapena atalandira mankhwala, mawu asasa, lilime kapena kukhosi kwatupa, akulephera kumeza malovu, mpweya ukulira ngati mluzu, akutsokomola mosalekeza, akumva chizungulire, thupi lazizira ndi kuchita thukuta, kapena wagwa. Mwana wamng'ono amangolefuka ngati nsanza. Ena amasanza ndi kupotokola m'mimba, ena amangonena kuti "ndikufa" asanaoneke chilichonse, ndipo mawu amenewo tisawapeputse. Dziwaninso kuti mwa anthu 10 ogwidwa ndi vutoli, mmodzi kapena awiri satuluka ziwengo konse, kotero kuti wodikira kuona pa khungu akhoza kudikira mpaka maliro. Pa khungu lakuda ngati lathuli kufiira sikuoneka bwino, choncho yang'anani zotupatupa, milomo ndi zikope, ndipo koposa zonse mverani kapumidwe. Chimodzi mwa zizindikiro za kupuma kapena za kukomoka chikaoneka, ulendo wa kuchipatala wayamba. Mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha uli ndi malo ake, koma malowo si pano.

Mankhwala opulumutsa moyo pa vutoli ndi amodzi okha, dzina lake adirenalini, kapena adrenalina monga alembera pa kabotolo kake kuno. Thupi lathu limawapanga lokha m'tiziwalo tili pamwamba pa impso, ndipo ndi amene amagunditsa mtima tikakumana ndi njoka m'njira. Katswiri wa ku Japan, Jokichi Takamine, adawapatula oyera mu 1901, ndipo lero ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO. Ntchito yake ndi kubweza zonse zija tafotokozazi nthawi imodzi: amafinya mitsempha yofutukuka kuti magazi abwerere ku mtima, amaphwetsa kutupa kwa ku mmero, amatsegula timachubu ta m'mapapo, ndiponso amaletsa asilikali aja kukhuthula mankhwala ena. Amabayidwa mu mnofu wa ntchafu, chapakati, cha kunja, chifukwa pamenepo amalowa m'magazi msanga kuposa pa thako kapena pa phewa. Malinga ndi malangizo a bungwe la Resuscitation Council UK a mu 2021, kuchokera m'kabotolo ka 1 mg mu 1 ml, munthu wamkulu ndi mwana woposa zaka 12 amalandira 0.5 ml, mwana wa zaka 6 mpaka 12 amalandira 0.3 ml, ndipo wa miyezi 6 mpaka zaka 6 amalandira 0.15 ml. Zikapita mphindi 5 wodwala osasintha, amabayidwanso.

Miyezo imeneyi sitikuilemba kuti wina akagule jakisoni pa msika n'kumabaya anthu kunyumba. Kubaya ndi ntchito ya ophunzitsidwa, ndipo mankhwala omwewa akalowa molakwika mu mtsempha akhoza kuvulaza mtima. Tailemba kuti mukafika pa chipatala mudziwe chimene mwadzera. Musaime pa mzere, musayambe mwafunafuna khadi. Nenani mokweza ndi mwaulemu kuti munthuyu walumidwa ndi njuchi, kapena wadya chakuti, nthawi yakuti, ndipo akubanika. Ndipo achibale asaletse namwino ponena kuti mayiwa ndi oyembekezera, kapena agogowa ali ndi BP. Pa ngozi imeneyi palibe munthu woletsedwa kulandira adirenalini wa pa ntchafu, pakuti kuopsa kwa kusalandira n'kwakukulu kuposa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima kumene amabweretsa, kumene kumatha pakapita kanthawi.

Nanga Piriton uja wa aphunzitsi? Piriton, amene kuno amatchedwanso clorfeniramina, amachepetsa kuyabwa ndi ziwengo, koma satsegula mmero ndipo sabweza magazi ku mtima. Amachedwanso kugwira ntchito, ndipo amagonetsa tulo, kotero kuti oyang'anira wodwala sangadziwe ngati wagona kapena wakomoka. Choopsa chake chenicheni n'chakuti amakhazika mitima pansi: anthu amati tampatsa kale mankhwala, tiyeni tione. Chimodzimodzi jakisoni wa hydrocortisone, amene kale ankaperekedwa kwa aliyense wotere. Amatenga maola kuti agwire ntchito, ndipo malangizo a 2021 aja adamuchotsa pa chithandizo choyambirira. Kampope ka anthu a mphumu, ka salbutamol, kamathandiza pa kulira kwa m'chifuwa, ndipo ngati wodwala ali nako apope ali m'njira, koma sikalowa m'malo mwa jakisoni. Madzi, mkaka, makala osinja ndi mankhwala osanzitsa, zonsezi zisayandikire pakamwa pa munthu amene kukhosi kwake kwatupa, chifukwa zikhoza kulowera ku mapapo.

Tsono popeza kumudzi tilibe jakisoniyo, chimene chili m'manja mwathu n'chiyani? Choyamba ndi kagonekedwe, ndipo apa ndi pamene ife tidalakwitsa kwambiri. Mwambo wathu ndi wakuti munthu akafooka timamudzutsa, timamukhazika pa mpando, timamuyendetsa kuti "magazi ayende". Kwa munthu uyu zimenezo zikhoza kumupha. Dokotala Pumphrey yemwe uja adalembanso mu 2003 za anthu amene adamwalira nthawi yomweyo atangowakhazika tsonga kapena kuwaimiritsa. Chifukwa chake ndi mjigo uja: munthu akaimirira, magazi ochepa otsalawo amatsikira ku miyendo, mtima n'kumagunda wopanda kanthu, ndipo zikatero ngakhale adirenalini amasowa chomufikitsa m'thupi lonse. Choncho mugonekeni chagada pomwe aliripo, miyendo ikwezedwe pa benchi, pa thumba la chimanga kapena pa maondo a mnzake. Ngati kugona kukumubanikitsa kwambiri, muloleni atsamire pa munthu, miyendo ili yotambasula pansi, koma akayamba chizungulire agonenso. Mayi wapakati agonere kumanzere. Wosanza kapena wokomoka koma akupuma agonekedwe cham'mbali. Mwana wamng'ono asaberekedwe kumsana monga tizolowera, koma afukatidwe chogona. Ndipo ngakhale wodwala anene kuti wapezako bwino ndipo akufuna kupita kuseri, asaimirire. Akasiya kupuma, mmodzi agwade pambali pake, aike manja onse awiri pakati pa chifuwa, nadinikize mwamphamvu ndi mofulumira, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osalekeza mpaka chithandizo chitapezeka.

Chachiwiri ndi ulendo, ndipo uyambe kukonzedwa pa mphindi yomweyo imene wodwala akugonekedwa. Mmodzi aimbe foni kuchipatala, wina athamangire chokwera. Galimoto ya kumbuyo kotsegula, ngolo kapena machila ndi zabwino chifukwa munthu amayenda chogona. Njinga yamoto, imene ndiyo ambulansi yathu ya masiku ano, ili ndi vuto lakuti imamukhazika tsonga. Kumene kungatheke, n'kwanzeru kutuma njingayo kuti ikatenge namwino ndi jakisoni, pamene ena anyamula wodwala pa machila kuti akakumane panjira, pakuti chofunika n'chakuti jakisoni ndi ntchafu zikumane msanga, kaya pa chipatala kaya pansi pa mtengo. Koma ngati njinga yamoto ndiyo yokha ilipo ndipo namwino sangachoke, kupita n'kwabwino kuposa kukhala. Munyamuleni pomukweza, asayende yekha, ndipo wina akhale kumbuyo kwake atamugwira. Nkhani ya ndalama ya mafuta ikambidwe pobwerera. Tamvapo za abale amene adataya theka la ola akunenerera mtengo, ndiponso za ena amene adadikira kuti malume a mwana abwere kumunda adzapereke chilolezo.

Za pemphero tinenepo mawu ochepa, popeza ndi pamene ife tidaphunthwa. Palibe amene akuti tileke kupempherera odwala. Koma pemphero silifuna chitseko chotseka kapena mpando, ndipo limamveka chimodzimodzi pa galimoto yothamanga. Tadzifunsa ngati chimene chidatisunga m'kachipinda muja chinali chikhulupiriro, kapena kungoti sitidadziwe chochita ndipo tidachita manyazi kuvomera pamaso pa anthu. Tikuganiza kuti chinali chachiwirichi. Abusa anzathu, akulu a mpingo ndi atsogoleri a mapemphero, anthu amatimvera pa nthawi yotere kuposa momwe amamvera wina aliyense, motero ife tikachedwa mudzi wonse umachedwa.

Pa chipatala, atatha kubaya adirenalini, amapereka mpweya wa okosijeni ngati ulipo, ndi diripi yothamanga, theka la lita kufikira lita imodzi kwa wamkulu, kuti abwezeretse madzi amene athawa m'mitsempha. Wodwala amasintha mofulumira modabwitsa, ndipo pamenepa pali msampha wina. Achibale amaona munthu akuseka, nayamba kuumiriza kuti atuluke kusanade. Mwa anthu owerengeka vutoli limabwereranso patapita maola angapo, ngakhale asanakhudzenso chimene chidawawenga. Namwino akanena kuti wodwala atsale maola 6, kapena 12, kapena agone pomwepo, mverani, makamaka inu ochokera kutali. Musanachoke, pemphani kuti alembe pa khadi la kuchipatala, ndi zilembo zazikulu, dzina la chinthu chimene chidamuwenga, ndipo khadilo liziyenda naye kulikonse, ngakhale akawoloka pa Nayuchi kukafuna chithandizo ku Malawi. Tionjezepo kuti munthu amene walumidwa ndi njuchi zochuluka kwambiri nthawi imodzi nayenso apite kuchipatala ngakhale asabanike, chifukwa ululu wochuluka umaononga impso, ndipo chizindikiro chake ndi mkodzo wakuda kapena wochepa.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene imatipweteka mtima monga atumiki. Munthu akadya pa ukwati, pa maliro kapena pa msonkhano wa mpingo, n'kutupa ndi kugwa mbale isanachotsedwe, mawu oyamba kumveka ndi akuti amuthirira chiphe. Maso amatembenukira kwa mayi amene adapereka mbaleyo, kapena kwa nkhalamba imene idakhala pafupi. Mabanja asiyana, anthu asamuka m'midzi, ndipo milandu yotere yafikapo ku mabwalo a mipingo. Koma taganizani: anthu makumi adya mu mphika womwewo osamva kanthu, mmodzi yekha n'kudwala. Kumeneko ndiko kuwengedwa. Ndipo zakudya zathu zimabisa bwino zimene zimawenga. Nsinjiro zili mu chigwada, mu nkhwani, mu futali ndi mu phala la ana, ndipo kwa munthu wowengedwa kwambiri ngakhale chipande chimene chavundula ndiwo zotendera n'chokwanira kumudwalitsa. Amayi a chigwirizano, mlendo akanena kuti sadya mtedza kapena nsomba, musamuyese wonyada kapena wokayikira kuphika kwanu, ndipo musamuumirize kuti angolawa pang'ono. Inunso amene mumadziwa kuti chakuti chimakuwengani, nenani poyera musanasambe m'manja, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ana otere aphunzitsi awo a kusukulu ndi a Sande sukulu adziwitsidwe.

Za majakisoni a kuchipatala tisatengepo mantha olakwika. Namwino akakubayani penisilini kapena katemera n'kukuuzani kuti mukhale kaye pa benchi mphindi 15 kapena 30, sakukuchedwetsani dala ai. Akufuna kuti ngati thupi lingawengedwe, zichitike jakisoni wopulumutsa ali pafupi. Kuwengedwa koopsa chifukwa cha katemera n'kosowa kwambiri, pafupifupi kamodzi pa akatemera 1,000,000 operekedwa, pamene chikuku ndi kafumbata tonse tikudziwa manda ake. Koma amene adatupapo kapena kubanika atamwa mankhwala enaake anene asanalandire ena, ndipo asagule mapiritsi osadziwika dzina pa msika.

M'maiko olemera anthu owengedwa amayenda ndi kajakisoni kodzibaya okha kooneka ngati cholembera, monga EpiPen imene idavomerezedwa ku America mu 1987, ndipo mu 2024 kudavomerezedwanso adirenalini wopopera m'mphuno. Ife zimenezi sitidazionepo m'masitolo a mankhwala a kuno, ndipo mtengo wake si wa mlimi wa mpunga. Chathu ndi kabotolo ka pa chipatala, kamene n'kotsika mtengo koma kamafuna kusamala, chifukwa kuwala ndi kutentha zimakaononga, ndipo madzi ake akasanduka ofiirira ndiye kuti atha mphamvu. Mwa akhristu athu muli ena amene ali m'makomiti a zaumoyo a m'madera mwawo. Tikukupemphani kuti pa msonkhano wotsatira mukafunse mwaulemu ngati adirenalini alipo pa chipatala chanu, ngati tsiku lake silinapitirire, ndiponso ngati wogwira ntchito usiku ndi Lamulungu ali ndi kiyi wa pamene amasungidwa. Safunsa adadya phula, ndipo funso limeneli n'losavuta kulifunsa masana kuli bata kuposa pakati pa usiku mwana ali m'manja.

Ku nyumba ya mapemphero ija akulu a mpingo alemba pa khoma, pafupi ndi chitseko, manambala a foni a chipatala ndi a anthu atatu a chokwera, ndipo atumiki apatula kandalama ka mafuta kamene sikabwerekedwa pa chifukwa china chilichonse. Machila akale amene ankangogwira ntchito pa maliro awakonza n'kuwaika poonekera. Njuchi za mu mango zija adadzazichotsa usiku abambo odziwa za ming'oma, mnyamata uja atauzidwa kuti asayandikire, ndipo tamuletsa kufula uchi ngakhale akudandaula. Mipingo ina imene ili ndi njuchi kudenga kapena mavu m'mazenera ichite chimodzimodzi misonkhano ya Khirisimasi isanafike, ndipo alembi atitumizire mawu akatero. Nkhani ya zitsime ija tidzaibwerera mwezi wa mawa.